Mwana wanga amatseka makutu ku chigayo, akuti ndi mwano

FUNSO: Azakhali, ine ndili ku Santhe kuno ku Kasungu, mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 5 koma nzeru zandithera. Tikapita ku chigayo injini ikangolira amatseka makutu nkudzigwetsa pansi, kutchalitchi akayatsa masipika chimodzimodzi. Malaya atsopano amavula akuti akumuyabwa, kumeta mpaka anthu awiri amugwire, therere ndi phala sakhudza. Ku mkombaphala analuma mnzake ndiye akuti tisamubweretsenso. Apongozi akuti ndamulekelera ndizimukwapula, ena akuti tipite kwa asing'anga. Nditani ine? Mayi wodandaula, Santhe

YANKHO: Pepani mayi, mwasenza katundu wolemera. Choyamba kamtengo kaja katayeni, mwanayu sakuchita dala ayi. Pali ana ena omwe ubongo wawo umalandira phokoso, fungo ndi zokhudza khungu mopyola muyezo, chigayo chomwe inu ndi ine timangokweza mawu nkumachezabe iye chimamuwawa zenizeni, ndiye mukamukwapula mwawonjezera ululu pa ululu, mawa azayamba kulira musanafike nkomwe. Kuluma kujanso nthawi zambiri kumabwera zinthu zikamuchulukira pomwe mawu oti anene alibe.

Zoterezi zimaoneka kwambiri mwa ana a autism, vuto la kakulidwe ka ubongo lomwe limakhudza kulankhula ndi kucheza ndi ena, koma si onse, ine sindingamuyeze pakalata. Pitani naye ku chipatala chachikulu cha Kasungu ndi buku lake la kuchipatala, amuone m'makutu, ndipo ngati anadwalapo malungo a mu ubongo kapena amakomoka muwauze, matenda amenewa amatha kusintha khalidwe la mwana. Mufunsenso ku physiotherapy, komwe amachititsa mafizo, kuti mukufuna akatswiri a occupational therapy, ambiri amangoti ma OT. Kuno kwathu ndi ochepa kwambiri, mwina akupatsani kalata yopita ku Kamuzu Central ku Lilongwe, musagwe ulesi ndi thiransipoti chonde. Ngati foni yanu imajambula mujambuleni kavidiyo zikamuchitikira, chifukwa anawa akafika pamaso pa dokotala amangokhala phee ngati mukunama.

Ma OT ntchito yawo ndi kuthandiza mwana kuti azitha zatsiku ndi tsiku, kuvala, kudya, kusewera ndi anzake, kukhala mkalasi. Mukaona akumupalasa pa katungwe kapena akumugwiritsa mchenga musati mwataya ndalama, mankhwala ake ndi amenewo, akuzoloweza thupi pang'onopang'ono ndipo akuphunzitsani zokachita kunyumba.

Podikira yambani izi. Ana ambiri otere mtima umakhala pansi akagwira kantchito kolemetsa minofu, akankhe wilibala yopanda katundu, anyamule kachigubu ka malita 2 kuchoka ku mjigo, asinje ndi kamunsi kakang'ono, makamaka musanapite kumene kuli phokoso. Ku chigayo aime patali kaye, mumuuziretu kuti injini ilira tsopano, kudzidzimuka ndi komwe kumaononga. Malaya dulani kalebulo ka pakhosi kaja, bola akaunjika ofewa ochapidwachapidwa kusiyana ndi atsopano olimba. Kumeta yesani sizasi kunyumba, mashini ija imanjenjemera pamutu. Therere musamukakamize mkamwa, ikani kochepa pa mbale ina azikaona, tsiku lina akhudza ndi chala, imeneyonso ndi sitepe. Akayamba kulira mutengereni pamalo pa zii, mawu ochepa, kulangiza kudikire mtima utatsika.

Za sukulu zandikhudza kwambiri, mwana sachotsedwa chifukwa choti waluma kamodzi. Chaka chamawa akwana zaka 6 zoyambira Sitandade 1, ndiye pitani ku TDC, ofesi ya zamaphunziro ya m'dera lanu, mukafunse a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale, sukulu yapafupi yomwe ili ndi resource centre, chipinda chothandizira ana ofunika chithandizo chapadera, kapena mphunzitsi wa ana otere (special needs), ambiri mwa iwo anaphunzira ku koleji ya Montfort ku Nguludi. Ndipo tsiku lopita kuchipatala muwatenge apongoziwo ndi bambo ake a mwana, akamve okha kwa adokotala.