Mafunso pa Chichewa: kulemba za mpikisano wowombera chandamale

Mafunso a ulendo uno achokera kwa owerenga a muno mu Lilongwe, ena mwa iwo olemba kapena oulutsa nkhani zamasewera, ndipo onse akukhudza mpikisano wa amuna wowombera chandamale ndi mfuti ya dzanja limodzi ku Olympics.

Funso lochokera ku Area 25: Ndinalemba kuti "Xie Yu wa ku China anapambana mpikisano owomberana mfuti ku Paris mu 2024." Mkonzi wandibwezera nkhaniyi osanena chifukwa. Palakwika pati?

Achimwene, mkonzi wanu wakuchitirani chifundo. Kaphatikizo ka -an- kamasonyeza kuti anthu akuchitirana chinthu, monga kumenyana kapena kukankhana. Ndiye mwauza omvera kuti amuna aja anathirana zipolopolo, Xie Yu ndiye anatsala wamoyo. Pabwalo la masewerawa onse amaima mzere umodzi, kuyang'ana mbali imodzi, aliyense ndi chandamale chake. Mneni woyenera ndi kuwombera, ndipo muzitchula chomwe chikuwomberedwa, chifukwa mneniyu akaima yekha khutu la Mmalawi limamva zachiwembu.

Pachiwiri ndi mgwirizano. Timati mpikisano wowombera, osati owombera. O- ndi wa ambiri, monga amuna owombera. Lembani kuti: "Xie Yu wa ku China anapambana mpikisano wa amuna wowombera chandamale pa mtunda wa mamita 10." Mukonzenso malo, poti masewerawo anali a Paris koma zowomberazi zinachitikira mumzinda wa Châteauroux.

Samalaninso ndi mawu oti "anamuwombera m'manja". Paukwati ndi pamsonkhano sasokoneza munthu, koma m'nkhani yodzaza mfuti wina adzafunsa ngati zala zinatsalako. Apa ingonenani kuti oonerera anawomba m'manja.

Funso lochokera ku Likuni: Ndine mphunzitsi. Ana akufunsa ngati mfuti ya pa mamita 10 imathiridwa wonga, komanso ngati chomwe imaponya tingachitche chipolopolo.

Wonga mulibemo, aphunzitsi. Pansi pa mpope wa mfutiyi pali kabotolo kachitsulo kodzaza mpweya wopopedwa mwamphamvu, ndipo mpweyawo ndiwo umakankha kachidutswa ka mtovu kokula mamilimita 4.5, kolemera pafupifupi theka la galamu. N'chifukwa chake dzina lake labwino ndi mfuti ya mpweya. Kachidutswako kutchedwa chipolopolo palibe vuto, ngakhale kachipolopolo kangauze anawo kukula kwake. Kamalowa kamodzikamodzi; munthu amaika kena akatha kuwombera.

Wonga uli mu mfuti inayo, ya mpikisano wa pa mamita 25. Zipolopolo zake ndi za mamilimita 5.6, zimalowa zisanu nthawi imodzi, ndipo chikhungwa cha chilichonse chimalumphira pambali mfuti ikalira. Choncho mawu oti "utsi wa wonga" muwasungire ya mamita 25.

Funso lochokera ku Kawale: Pa wayilesi ndinamva kuti wina "wagoletsa zigoli 10.9". Kodi ndi Chichewa cholondola?

Ayi, bambo. Chigoli sichidulidwa pakati. Mpira umalowa kapena sulowa. Apa timawerenga mapointi, ndipo kuti mawu agwe bwino pafunika kudziwa mmene mapointiwo amabwerera, chifukwa mipikisano iwiriyi siwerengedwa mofanana.

Pa mamita 10, chandamale chili ndi mizere yozungulira kuyambira 1 kunja mpaka 10 pakati. Bwalo la 10 ndi lotambalala mamilimita 11.5 okha, kuchepa kuposa chikhadabo cha chala chachikulu. Mu ndime yoyamba munthu amawombera ka 60 m'mphindi 75, mapointi onse akakwana ndi 600, ndipo asanu ndi atatu apamwamba amalowa ndime yomaliza. M'menemo ndi momwe bwalo lililonse limagawidwanso pakhumi, moti kulasa pakati penipeni ndi 10.9. Pa wayilesi nenani kuti "wapeza mapointi 10.9". Ndime yomalizayi ku Châteauroux inali ya zipolopolo 24, ndipo kuyambira pa cha 12 wotsalira mmodzi ankatuluka pakatha zipolopolo ziwiri zilizonse. Mawu akale a chipulula amakwana bwino pamenepa. Xie Yu anamaliza ndi 240.9, Federico Nilo Maldini wa ku Italy 240.0. Wolemba akadula manambala otsatira kadontho aja kuti nkhani ioneke yosavuta, ndiye kuti wafufuta kusiyana kwa golide ndi siliva.

Pa mamita 25 pamakhala zikwangwani zisanu zoyandikana, chipolopolo chimodzi pa chilichonse. Munthu amadikira mkono uli wozyolika pa madigiri 45, nyali yobiriwira ikayaka amaukweza n'kuwombera zisanuzo m'masekondi 8, kenako 6, kenako 4. Mu ndime yomaliza zonse ndi za masekondi 4, ndipo mapointi a kadontho salembedwa: chipolopolo chofika 9.7 kapena kuposa chimawerengedwa kuti chalasa, chochepera apo chaphonya. Ndiye apa chiganizo chake ndi ichi: "Li Yuehong wa ku China analasa ka 32 pa zipolopolo 40." Dziwani kuti kuphonya kwa pamenepa sikutanthauza kuti chipolopolo chapita kutchire. Cha 9.6 chagunda chandamale ndithu, koma lamulo likuti chaphonya, ndipo omvera muwafotokozere zimenezi kamodzi koyambirira.

Funso lochokera ku Biwi: Kodi kulasa si kwa uta ndi mkondo kokha?

Kunayambira kumeneko, mayi, koma palibe chokuletsa pano. Ubwino wake ndi woti kumanena zotsatira, pomwe kuwombera kumanena ntchito chabe. Munthu atha kuwombera osalasa. Kugunda nakonso kulibe vuto.

Funso lochokera ku Chinsapo: Wosewera akalakwitsa, olemba ambiri amangoti "dzanja linanjenjemera". Palibe mawu ena?

Alipo, ndipo kunjenjemerako nthawi zambiri si chifukwa chenicheni. Lamulo limafuna kuti munthu aime chilili, mfuti ili m'dzanja limodzi, mkono wosatsamira kanthu, moti dzanja la aliyense limagwedera pang'ono, ngakhale la katswiri. Zolakwika zenizeni zili ndi mayina ake.

Choyamba chili pa kachitsulo kokoka ndi chala, komwe ambiri amangoti thiriga. Malamulo a ISSF, bungwe loyang'anira masewerawa padziko lonse, amati pa mfuti ya mpweya kasalole kulira ndi mphamvu yochepera magalamu 500, pa ya mamita 25 magalamu 1000. Katswiri amakafinya pang'onopang'ono, molunjika kumbuyo, mpaka mfuti ilire yokha. Akaona kuti walunjika bwino n'kufuna kupezerapo mwayi, amakakoka modzidzimutsa, nsonga ya mpope imagwa, ndipo kwa wogwira kumanja chipolopolo chimakonda kupita mmunsi chakumanzere. Ndiye kufinya ndi kukoka modzidzimutsa ndi zinthu ziwiri, ndipo wolemba wabwino amazisiyanitsa.

Chachiwiri ndi maso. Mfutizi siziloledwa magalasi okuza zinthu. Pali kachitsulo koimirira kunsonga kwa mpope ndi kampata kumbuyo, ndipo ntchito ndi kuika kachitsuloko pakati pa kampata, mitu ili yofanana, kuwala kuli chimodzimodzi uku ndi uku. Diso limakhala pa kachitsulo ka kunsonga, chandamale n'kumaoneka mwachimbuuzi. Likathawira ku chandamale, ziwiri zija zimapatukana munthu osazindikira. Apa lembani kuti "diso linachoka pa nsonga". Mneni wa ntchito yonseyi ndi kulunjikitsa. Kuloza ndi mfuti kumanunkha kuopseza munthu.

Chachitatu ndi kuchedwetsa. Munthu amabanika mpweya polunjikitsa, ndipo akakhalitsa choncho mkono umatopa, maso amachita mdima. Odziwa amatsitsa mfuti, kupuma, n'kuyambiranso. Mukaona wosewera wa pa mamita 10 watsitsa mkono osawombera, musati wachita mantha, wangokana chipolopolo choipa. Pa mamita 25 mwayi umenewu palibe: chowombedwa nthawi itatha sichiwerengedwa, ndipo pamenepo timati "nyali yofiira inamupeza". Mfuti ikalephera kulira kapena chikhungwa chikakakamira, Chichewa chili kale ndi mawu ake, mfuti yakana.

Dzanja linalo malamulo salola kuti lithandize. Ambiri amalipisa m'thumba kapena kulikoleka pa lamba kuti phewa likhazikike. Yusuf Dikeç wa ku Turkey atatchuka pa Facebook mu 2024 dzanja lili m'thumba, ena analemba kuti ndi matama, chonsecho ndi kaimidwe wamba ka masewerawa. Siliva wakeyo anali wa mpikisano wa awiriawiri, mwamuna ndi mkazi, choncho musamuike m'gulu la opambana mpikisano wa amuna okha.

Funso lomaliza, lochokera ku Area 49: Mendulo ya wachitatu ndi ya mkuwa?

Anthu amatero ndipo amamvana, ngakhale chitsulo chake ndi mkuwa wosakaniza ndi zina. Mendulo ya bronze nayonso yazolowereka m'manyuzipepala. Chofunika n'kusasinthasintha m'nkhani imodzi. Mukafuna kuzemba zonsezi, lembani kuti Paolo Monna wa ku Italy anakhala wachitatu.