Funso la Owerenga: Kodi Oyilo Woyenera pa Bwalo la Liwiro ndi Uti?

Funso: Akonzi, ine ndimakhala ku Johannesburg, ndipo ndili ndi Toyota 86 imene ndimapita nayo ku bwalo la mpikisano wa magalimoto la Zwartkops pa masiku amene limatsegulidwa kwa anthu wamba. Buku la galimotoyi likuti ndizithira oyilo wa 0W-20, koma anzanga akundiuza kuti pa bwalo pamafunika 10W-60 ngati amene amathira mu BMW M3. Kodi ndimvere ndani?

Yankho: Bambo, anzanuwo akunena zoona pa mfundo imodzi yokha, yakuti pa bwalo oyilo amatentha kwambiri kuposa pamsewu, koma 10W-60 musathire m'galimoto yanu.

Nambala yoyamba, imene ili ndi W, imasonyeza mmene oyilo amayendera injini ikazizira, ndipo kwa inu imeneyo si nkhani yaikulu. Yofunika ndi nambala yachiwiri, imene imasonyeza kulimba kwa oyilo pa madigiri 100 a Celsius. Vuto ndi lakuti mukamathamanga motsatizana osapumitsa injini, oyilo amatha kufika madigiri 130 kapena kupitirira, ndipo akatero amasanduka wamadzimadzi, kotero kuti kansalu kake kamene kamalekanitsa mabeyaringi ndi crankshaft kamapyapyala. Nchifukwa chake ndikukulimbikitsani kuti muziyang'ana muyeso wotchedwa HTHS, wa kulimba kwa oyilo akatentha komanso akamapanikizika pakati pa zitsulo zozungulira mwaliwiro, umene amaupima pa madigiri 150. Malinga ndi muyeso wa SAE J300, umene umagawa oyilo m'magulu potengera kulimba kwake, oyilo wa gulu la 20 ayenera kukhala ndi HTHS yosachepera 2.6, wa gulu la 30 yosachepera 2.9, pamene oyilo aliyense wokhala ndi chizindikiro cha A3/B4 kapena C3 cha bungwe la opanga magalimoto a ku Ulaya la ACEA amakhala ndi 3.5 kapena kuposa. Choncho mabotolo awiri olembedwa 5W-30 akhoza kusiyana kwambiri injini ikatentha, ndipo ambiri amene amagula oyilo poyang'ana nambala zazikulu zokha sadziwa zimenezi.

Kampani ya BMW inalamula 10W-60 pa injini ya S54 ya mu M3 ya E46 poganizira mapangidwe a injiniyo. Yanu, ya FA20, inapangidwira oyilo wopepuka, ndipo makina ake osintha nthawi yotsegukira mavavu amadalira oyilo woyenda msanga. Oyilo wolimba mopitirira muyeso amachedwa kudutsa m'timipata ting'onoting'ono, amachotsa kutentha pang'onopang'ono, amadya mphamvu ya injini, ndipo iye mwini amatentha kwambiri chifukwa cha kukhuzana.

Langizo langa ndi lakuti muyambe mwaika geji ya kutentha kwa oyilo ndi geji ya mphamvu ya kapopedwe kake, chifukwa popanda zimenezi mukhala mukungoyerekeza. Ngati oyilo akupitirira madigiri 120 ndipo mphamvu ya kapopedwe kake ikutsika injini ikamazungulira mwaliwiro, kwerani sitepe imodzi yokha, mupite pa 5W-30 wa synthetic wokhala ndi HTHS ya 3.5. Ngati kutentha kukukwerabe, chimene mukusowa ndi oil cooler, chipangizo choziziritsa oyilo, osati oyilo wolimba kuposa pamenepo. Kumbukiraninso kuti Zwartkops ili pamalo okwera, pamene mpweya ndi wopepuka ndipo suziziritsa injini bwino ngati ku bwalo la Killarney, m'mbali mwa nyanja ku Cape Town.

Pali ngozi ina imene kulimba kwa oyilo sikungathetse. Pa makona aatali amene mumakhota mwaliwiro, makamaka ngati mwavala matayala ogwira kwambiri, oyilo amakankhikira mbali imodzi ya sampu, mosungira oyilo pansi pa injini, ndipo pampu imatha kukoka mpweya kwa kanthawi. Mankhwala ake ndi kuonetsetsa kuti oyilo wafika pa mzere wapamwamba wa dipstick, kachitsulo koyezera oyilo, musanalowe m'bwalo, komanso kuika sampu yokhala ndi timakoma tamkati toletsa oyilo kuthawa. Musadikirenso makilomita amene buku likunena kuti musinthe oyilo, chifukwa kutentha ndi petulo amene amadontheramo zimamufooketsa msanga. Musinthe pamodzi ndi fyuluta mukapita ku bwalo kawiri kapena katatu.