Za batire ya mizinga, kwa asuweni

Halo, asuweni, uthenga wanu ndaumva. Mukuti mnyamata wanu walemba "battery" kuseri kwa kope ndipo mukufuna kudziwa tanthauzo lake. Si batire ya wailesi ya agogo ija munkaiyanika padzuwa, ayi, hehe.

Kwa asilikali a mizinga gulu lalikulu ndi rejimenti. Rejimenti imagawika m'mabatire, batire nkugawikanso m'matrupu. Pa nkhondo ya Hitler rejimenti ya Angerezi inali ndi mizinga 24, mabatire atatu, mizinga 6... ayi, dikirani, 8 batire iliyonse, trupu iliyonse mizinga 4. Msilikali wamba amati gunner, wa udindo wa kopolo amati bombardier. Mayinawa ndi a Royal Artillery, gulu la mizinga la asilikali a ku Britain, limene linayamba mu 1716 ku Woolwich, ku England. 

Koma amalume a ku Katete mukuwakumbukira? Khutu lakumanzere logontha lija, mpaka kuwazungulira kuti muwapatse moni. Anali gunner iwo aja. Chaka chija cha maliro, titakhala pa mkeka pansi pa mango, ine ndinawafunsa kuti amalume, mdaniyo munkamuona? Anangoseka, nkutenga chitsononkho, nkuchiika kuseri kwa nkhokwe. Amvekere, chimenye. Ndinati ndichimenya bwanji osachiona? Amvekere, ndiye ntchito yathu imeneyo. Anandifotokozera za mzinga wotchedwa 25-pounder, chipolopolo chake makilogalamu 11, chimafika pafupifupi makilomita 12, anthu 6 pa mzinga umodzi. Kuli mmodzi kutsogolo uko, wabisala paphiri ndi wailesi, ndiye amaona. Amatumiza manambala, ena pa tebulo amawerengera mtunda, mphepo, kuti mlomo wa mzinga ukwere bwanji, kenako olasa nkulasa. Atalankhula choncho anakhala chete kaye... nkunena kuti nambala imodzi ikalakwika, chimagwera anzako, kapena mudzi wa anthu osalakwa. Nsima inazizira tsiku lija, sanadye. Ndipo munda wawo mukuudziwa, mizere yoongoka ngati yoyezera chingwe, ankawerenga mapazi asanakhome khasu. Azakhali ankadandaula kuti mvula ipita iwo akuwerengabe.

Ndiye, mmm, asuweni, ine sindikuganiza kuti mwafunsa za batire. Inu mukuopa. Mnyamatayo watopa ndi sukulu, masamu amuvuta, ndiye akuti athawire ku usilikali, ndipo simukudziwa momuyankhira chifukwa bambo ake... basi, mukudziwa. Musamuletse, usilikali ndi ntchito yaulemu. Koma muuzeni kuti mizinga ndi masamu okhaokha. Akathawa masamu pa Grade 11 akawapeza atamudikirira kumeneko, ndipo kumeneko kulakwa sikufufutika ndi labala.

Amalize Grade 12, masamuwo awagwire, kenako akalembetse. Za ma tuition ndithandizako ndikagulitsa soya, musachite manyazi monga mwa chizolowezi chanu, inu a "tili bwino" ngakhale mchere utatha.

Mwandimva? Ayambe wamaliza sukulu, masamu akhoze. Loweruka mumutumize kuno, ndikamuikira chitsononkho kuseri kwa nkhokwe ngati amalume, tione ngati achimenye.