Kunalibe TV, nanga a ku Ndirande tinkaonera chiyani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena amene anabadwira ku Ndirande koma anakulira ku Johannesburg. Akuti bambo awo akangoyamba nkhani za ku Ndix sasiya, ndipo amaumirira kuti kale kunali zosangalatsa kuposa lero. Funso lawo ndi ili: "Zingatheke bwanji, poti iwo omwe amanena kuti TV kunalibe? Kodi si ukalamba chabe umenewu?"

Achemwali, bambo anu sakunama, ngakhale kuti mwina akuthirako mchere pang'ono. Ine ndinakulira ku Goliyo, mu Ndirande momwemo, ndiye ndikuuzani zimene ndinaona.

Za TV akunena zoona. Television Malawi inayamba kuulutsa mu 1999, mayiko oyandikana nafe ataonera kale zaka zambiri. Chimene tinali nacho ndi wailesi, nayonso inali imodzi, MBC, mpaka Radio 2 itabwera mu 1997. M'nyumba zambiri munali kawailesi ka Nzeru, kopangidwa mu Blantyre momwemo, ndipo mabatire akafooka tinkawayanika padzuwa kuti atifikitse pa Kapalepale kapena Pamajiga. Nyumba za ku Ndirande n'zothinana, ndiye sewero likayamba unkatha kuyenda kuchokera kwanu mpaka pamsika osaphonya mawu, chifukwa khomo lililonse linali pa siteshoni yomweyo. M'mawa mwake pa mpopi nkhani inali yomweyonso.

Kanema weniweni analipo m'tauni, ku Apollo, koma kwa mwana wa mlonda kapena wa munthu wogwira ntchito ku fakitale ya nsalu ya David Whitehead kumeneko kunali kopita mwa apo ndi apo. Chathu chenicheni chinabwera ndi deki ndi matepi: vidiyo sho.

Simunaione, ndiye ndiifotokoze bwino. Kanyumba ka njerwa zosawotcha kapena ka matabwa, mazenera otseka ndi makatoni kuti mukhale mdima, mabenchi ataliatali, kutsogolo TV imodzi pa shelefu yam'mwamba. Panja pankakhala sipika yolira mokweza, dala, kuti phokoso la zibakera likukoke uli kutali, komanso bolodi yolembedwa ndi choko filimu ya nthawi yakuti ndi yakuti. Mkatimo kutentha, fungo la thukuta ndi la zitumbuwa. Ndalama yolowera inali matambala, koma kuwapeza matambalawo inali ntchito: ena tinkatungira anthu madzi, ena tinkatola mabotolo, enanso, ndisabise, tinkachepetsa chenji cha mafuta ophikira. Wosowa ndalama ankasaka kabowo pakhoma, mwini wake akamupeza n'kumuthira madzi.

Mafilimu ambiri anali a karate a ku Hong Kong, a nkhondo a ku America ndi a ku India otalika ngati ulendo wa pansi. A ku Nigeria anabwera pambuyo. Chingerezi chake sitinkachimva, koma sizinkativuta. Pa benchi iliyonse pankakhala katswiri amene anaonerapo filimuyo kasanu, ndipo ankatiuza kuti ekita ndi uyu, safa, dikirani muone zimene amuchite uyo wa ndevuyo. Anyamata amene lero amamasulira mafilimu m'Chichewa, kuyikamo nthabwala ndi mayina akwathu, ntchito yawo inayambira pa mabenchi amenewo. Tepi ikadyedwa ndi deki kapena magetsi akathima filimu ili pakati, mkangano wa kubweza ndalama unali sewero lina palokha. Potuluka aliyense anali mphunzitsi wa karate, ndipo mathalauza a yunifolomu ambiri anang'ambikira pamenepo.

Aphunzitsi ndi makolo ankadana nazo, ndipo anali ndi chifukwa. Ana ankathawa m'kalasi, komanso usiku malo ena ankaonetsa zosayenera ana.

Mpira ndiye musachite kufunsa. Ndirande ndi kwawo kwa Bullets, imene nthawi imeneyo inkatchedwa Bata Bullets, ndipo wa Wanderers wokhala m'dera lathu ankayenera kukhala wolimba mtima. Tsiku la timu ziwirizi tinkatsika wapansi kudutsa ku Makata mpaka pa Kamuzu Stadium, opanda ndalama n'kudikira panja kuti mageti atsegulidwe mpira uli pafupi kutha. Mphindi zochepa zimenezo tinkazifotokoza sabata yonse ngati tinaonera kuyambira pachiyambi. Lamlungu lina, amene anali ndi kangachepe ankapita ku French Cultural Centre kukaseka ndi Izeki ndi Jakobo, kapena kukaonera gulu la zisudzo la Wakhumbata la Du Chisiza Jnr. Akuluakulu awo anali ndi tavani ya Chibuku. Carlsberg, ngakhale fakitale yake inali pakhomo pathu pa Makata kuyambira 1968, inali ya pa malipiro.

Tsono pali mbali imene anthu a msinkhu wathu timakonda kuilumpha tikamasimba. Zonsezi zinkachitika pansi pa diso la boma. Lamulo la 1968 linakhazikitsa bungwe loyang'anira mafilimu, mabuku ndi nyimbo, ndipo lumo lake silinkachita manyazi. Kuyambira 1973 mpaka 1993, inu achemwali simukanaloledwa kuyenda m'tauni mutavala thalauza kapena siketi yaifupi, ndipo mnyamata wa tsitsi lalitali ankametedwa mokakamiza. Pakhomo la msika achinyamata a chipani ankafunsa khadi. Atsikana ambiri ku vidiyo sho sankapitako n'komwe. Ife tikuonera karate iwo anali pa mtondo kapena pa mzere wa madzi. Mukafunsa mayi anu, mwina nkhani ya "kale kunali bwino" aifotokoza mwamtundu wina. Ndipo m'mwezi wa May 1992, antchito a David Whitehead atanyanyala ntchito n'kuyamba zipolowe mu mzinda, anyamata a ku Ndirande anali patsogolo. Anthu okhutira sachita zimenezo. Phiri la Ndirande, limene tinkalidziwa lili ndi mitengo ya paini, linametedwa mpala m'zaka zotsatira.

Maganizo anga ndi akuti bambo anu sakusowa mafilimuwo. Ambiri mwa iwo mutawaonetsa lero angagone asanafike pakati. Akusowa kuonera pagulu, anthu makumi angapo kukuwa nthawi imodzi ekita akadzuka, chinthu chimene foni ya m'manja siingawapatse ngakhale ili ndi mafilimu osawerengeka.

Mukadzabwera kumudzi, apempheni akuyendetseni kuchokera pa Chinseu kulowera kumsika Loweruka masana. Timanyumba ta vidiyo sho tija tikadalipo, kungoti tsopano pa denga pali dishi ndipo pa bolodi palembedwa Arsenal ndi Manchester United. Mudzawalipirire ndinu, ndipo mudzawafunse kuti matambala awo ankawapeza bwanji.