Kodi ndiike sefa ya petulo pa njinga yanga ya kabuleta?

Achimwene ena a kabaza andilembera imelo. Akuti njinga yawo yamoto ya Boxer ikumazima yokha akaima pamphambano, ndipo pokwera mtunda ikumatsamwa. Makaniko akatsuka kabuleta imayenda bwino masabata angapo, kenako vuto lija labwerera. Akufunsa ngati kudula paipi ya petulo n'kuikapo kasefa kapulasitiki kungathandize, kapena n'kutaya ndalama chabe.

Achimwene, ikanipo. Kasefako n'kotchipa kuposa ulendo umodzi wopita kwa makaniko. Koma muone mtundu wake, chifukwa apa m'pamene ambiri amaphonya.

M'kabuleta petulo amadutsa m'majeti, timabowo tating'ono kwambiri. Kamene kamagwira ntchito injini ikangolira njinga ili chiimire ndiye kochepetsetsa, moti kambewu kamodzi ka mchenga kapena kachibenthu ka dzimbiri kakwanira kukatseka. N'chifukwa chake njinga yanu ikuzima mukaima. Zinyalala zomwezo zikakhala pa kasingano ka floti, kamene kamatseka petulo kabuleta ikadzaza, kasinganoko sikatseka bwino, petulo n'kumadontha pansi. Pampopi wa pansi pa thanki pamakhala kale kaukonde, koma kamagwira zikuluzikulu zokha.

Njinga yanu ilibe pampu ya mafuta. Petulo amangotsika yekha kuchokera m'thanki chifukwa cha kulemera kwake, ndipo mphamvu imeneyo ndi yochepa. Mukaikapo sefa yachitsulo ya galimoto za jekiseni (zopanda kabuleta), yomwe inapangidwira pampu yamagetsi yokankha mwamphamvu, petulo azidutsa modontheza. Njinga idzalira bwino pamalo, koma mukanyamula munthu ndi thumba la chimanga idzafooka makamaka thanki ikatsala pang'ono kuuma, inu n'kumanamizira pulagi. Gulani kasefa kakang'ono koonekera m'kati, kopangidwira njinga zamoto kapena majenereta, kolingana ndi kukula kwa paipi yanu. Pali kamuvi pambali pake, kaloze ku kabuleta. Mangani mbali zonse ziwiri ndi timakilipu, osati mphira wa chubu monga ndimaonera m'masiteji ena, ndipo kasakhudze injini kapena ekizozi. Pulasitiki ikasungunuka pamenepo petulo agwera pachitsulo chamoto. Musaiwale kutseka mpopi musanadule paipi, injini itazizira.

Tsono funso lenileni n'lakuti zinyalalazo zikuchokera kuti. Mafuta akasowa, ambiri timathamangira a m'zigubu, ndipo chigubu chimene chakhala pafumbi tsiku lonse palibe angakutsimikizireni za m'kati mwake. Komanso petulo wa kuno ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kumupanga kuchokera ku zotsalira za nzimbe. Ethanol amakoka chinyezi, ndipo thanki yachitsulo yokhalira kuyenda ndi lita imodzi yokha imachita dzimbiri msanga. Amaumitsanso mapaipi akale a labala mpaka kuyamba kunyenyeka m'kati.

Choncho musanaike sefayo, chotsani thanki, muitsuke, muunikemo ndi tochi. Ngati dzimbiri lachuluka, sefa yatsopanoyo idzatsekeka posachedwa. Paipi ikakhala youma kapena yong'aluka, sinthani. Dziwaninso kuti kasefa aka sikachotsa madzi. Amenewo mumawatulutsa pomasula kasikuluwu ka pansi pa kabuleta, makamaka nyengo ya dzinja.

Kasefako kakayamba kuda kapena kuoneka matope pansi pake, tayani muike kena. Kupopera mpweya kuti kayere kumangong'amba pepala la m'kati.