Yankho kwa msuweni pa nkhani ya Marshall ya 1971

Msuweni wanga, funso lako ndalimva. Wafunsa ngati n'zoona kuti timu ya mpira wa ku America ya yunivesite ya Marshall inapambana masewero awiri okha mwa khumi mu 1971, komanso chifukwa chimene anthu a kumeneko amalemekezera chaka chimenecho kuposa zaka zimene anatenga zikho. Iweyo, amene umasinza pampando mpira wathu wamiyendo usanafike ndi pakati pomwe, lero wasanduka wofufuza mbiri ya ku West Virginia? Eee, ndimakudziwa bwino, koma ndiyamba ndi zimene wafunsazo.

N'zoona, anapambana kawiri kokha. Koma chaka chimenecho sungachimvetse usanamve za chaka cham'mbuyo mwake. Madzulo a pa 14 Novembala 1970, timuyo inkabwerera kwawo ku Huntington, mzinda wa ku West Virginia, kuchokera ku North Carolina, kumene inagonja kwa East Carolina ndi mapointi 17 kwa 14. Kunali mvula ndi chifunga, ndipo ndege ya Southern Airways imene anakwera inawomba mitengo n'kugwa paphiri itatsala pang'ono kutera pabwalo la Tri-State. Anthu onse 75 anafera pomwepo, ndipo mwa iwo munali osewera 37, mphunzitsi wamkulu Rick Tolley ndi anzake, ogwira ntchito m'ndege, komanso anthu a mumzindawo okonda timu, ena a iwo bambo ndi mayi a nyumba imodzi amene anasiya ana kunyumba.

Tsopano dikira, ndikuuze za amalume aang'ono, chifukwa ine nkhaniyi ndinaimva kwa iwo. Anafika ku Huntington agogo asanadwale... ayi, ndikonze, agogo anali atadwala kale, ndiye kuti munali mu 1996 pamene anayamba ntchito yochapa zofunda pachipatala chija. Anafika pa nthawi yokoma, pakuti chaka chimenecho Marshall inapambana masewero ake onse 15, mnyamata wotchedwa Randy Moss akuthamanga mosagwirika, ndipo pamapeto anagonjetsa Montana ndi 49 kwa 29 n'kutenga chikho cha gulu lawo. Amalume malamulo a mpirawo sankawadziwa n'komwe, koma jekete yobiriwira ya timuyo anagula, ija anavala pa chinkhoswe chako kutentha konse kuja, mayi ako n'kumawauza kuti aivule asanakomoke.

Kuntchitoko ankagwira ndi bambo wina wachikulire, mbadwa ya komweko, wosalankhulalankhula. Tsiku lina amalume ankadzitama kuti timu yawo sigonja, bamboyo n'kuwayankha kuti iye chaka chimene amachiwerengera ndi 1971. Amalume atamva kuti chaka chimenecho anagonja kasanu ndi katatu, anaseka, monga mmene amasekera, akumenya ntchafu. Bamboyo sanakwiye. Ataweruka anawakweza m'galimoto yake n'kupita nawo kumanda a Spring Hill, pamtunda poyang'anizana ndi mzindawo, pamene anaika pamodzi osewera asanu ndi mmodzi amene matupi awo sanathe kuwasiyanitsa. Kumeneko ndi kumene anawafotokozera zonse, ataimirira, kufikira mdima.

Anati ngozi itachitika panali maganizo oti mpirawo ungolekeka payunivesitepo, chifukwa panalibe osewera, panalibenso owaphunzitsa. Munthu amene anavomera ntchitoyo anali Jack Lengyel, wochokera ku koleji yaing'ono ya Wooster ku Ohio. Nthawi imeneyo ophunzira a chaka choyamba sankaloledwa kusewera m'timu yaikulu, choncho anapempha bungwe la NCAA, loyang'anira masewero a m'makoleji, kuti liwalole, ndipo linalola. Anasonkhanitsa anyamata ongofika kumene, ochepa amene sanakwere ndege ija monga Nate Ruffin amene anatsala chifukwa chovulala, ndi ena ochokera kumasewero ena. Red Dawson, mphunzitsi wothandiza amene anapulumuka chifukwa anabwerera pagalimoto, anavomera kukhalapo chaka chimenecho ngakhale mtima unali wosweka. Ngakhale Bobby Bowden, mphunzitsi wa timu ya yunivesite ya West Virginia, amene ukanati ndi mdani wawo, anawatsegulira chitseko kuti aphunzire kaseweredwe kake, koyenera anyamata opanda mphamvu zambiri.

Masewero oyamba anagonja kwa Morehead State. Achiwiri anali pakhomo, pabwalo la Fairfield, pa 25 Sepitembala 1971, polimbana ndi Xavier. Nthawi ikutha anali m'mbuyo ndi 13 kwa 9, ndipo pa mpata womaliza weniweni Reggie Oliver anaponyera mpira Terry Gardner, iye n'kulowa nawo kumapeto kwa bwalo, masewero n'kutha 15 kwa 13. Amalume amati pofika pamenepa bambo uja analeka kulankhula kwa kanthawi. Koma tamvera bwino, msuweni, chifukwa apa ndi pamene amalume amakwezera mawu akamafotokoza: sabata yotsatira yomweyo anyamata omwewo anakwapulidwa ndi Miami ya ku Ohio 66 kwa 6. Anadzapambananso kamodzi kokha, pogonjetsa Bowling Green 12 kwa 10. Lengyel anakhala zaka zinayi, napambana masewero 9 n'kugonja 33, ndipo Marshall sinaonenso chaka chopambana kwambiri kuposa kugonja mpaka 1984. Bamboyo ankati zaka zonsezo iye ankagulabe tikiti, kuzizira kaya mvula. Kuyambira pamenepo amalume sankajomba pa 14 Novembala pamwambo wotseka madzi a kasupe wachikumbutso amene anamangidwa payunivesitepo mu 1972, ndipo mpaka lero tsikulo likafika sadya nyama, ngakhale palibe anawauza kutero.

Mmm... tsopano ndinene chimene ndikuganiza kuti wafunsa. Funso lako wabwera nalo patangopita maola ochepa chikambirane za chigayo pagulu pano, ndipo pa zokambiranazo iwe sunayankhe kanthu. Ndikuona kuti ukufuna kudziwa ngati n'chamanyazi kutsegulanso chigayo cha malemu bambo ako ndi anyamata awiri aja amene sadziwa ngakhale kumanga lamba, ukudziwiratu kuti chaka choyamba anthu adzakuyerekeza ndi iwo n'kupeza kuti wachepa. Yankho langa ndi lakuti utsegule chaka chino chomwechi. Ku Marshall ulemu wa 1971 unabwera chifukwa chakuti anyamatawo analowa m'bwalo kakhumi konse, kuphatikizapo tsiku la 66 kwa 6 lija, ndipo akanadikira kuti akhale ndi timu yamphamvu, pakanakhala palibe timu yoti Randy Moss adzaipeze.

Sindikukulonjeza kuti zidzayenda msanga, iai. Iwo zinawatengera zaka zoposa khumi, ndipo ena amene anayamba nawo ntchitoyo anachoka asanaone chikho. Iwenso udzagaya ufa wokhakhala, makasitomala ena adzapita kutsidya kwa mtsinje, ndipo azakhali adzalankhula monga analankhulira pa nkhani ya ngolo ija. Komabe, msuweni, mlamu wanga wam'tsogolo ngati mchemwali wanga adzakhululuke za mbuzi ija, chigayocho chisagone chaka chachiwiri chitsekere. Anyamatawo adzaphunzira lamba ali pantchito, monga ongofika kumene aja anaphunzirira mpira akugundidwa ndi akuluakulu.

Ndabwereza dala chifukwa ndimadziwa kuti mawu oyamba umawamva ndi khutu limodzi. Kiyi ali kwa mayi ako, ndipo chimanga chikuyamba kuuma m'minda, choncho tsegula anthu asanazolowere njira ya kutsidya. Loweruka uwaimbire amalume, uwafunse za bambo wa ku Spring Hill uja, koma ukhale ndi mayunitsi okwanira chifukwa akayamba sasiya. Ukamaliza nawo undiimbire ine, tiwerengere limodzi ndalama ya dizilo ya mwezi woyamba.