Mawu 12 a wallet yanu musapatse munthu, ine anandiliza ku Joni

Achimwene, amene akukuuzani kuti blockchain, kaundula wa pa intaneti amene ndalama za crypto zimayendamo, ilibe mwini wake sakunama, koma akukubisirani mbali ina. Ilibedi mwini. Ndiye tsiku limene zinthu zavuta mulibenso woti mukamugwire malaya. Ndikulemba izi mtima ukundiwawa ngati zachitika dzulo.

Ine ndinayamba kusunga USDT, ndalama ya pa intaneti yoyenda pa blockchain, kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Ndalama zimene ndinkatumizira mayi kumudzi kuti azisungira malata zinangotsala dzina, malata omwewo mtengo unali utathawa. Mbale wina wa kutchalitchi kwathu kuno ku Johannesburg anati sunga pa foni, USDT imodzi imayenda limodzi ndi dola imodzi. Anandiikira wallet, app yosungiramo ndalamazo pa foni, inatulutsa mawu 12 achingerezi amene ndiwo kiyi wake, ndinawalemba pakapepala n'kuika m'Baibulo. Mwezi ndi mwezi ndinkaponyamo za maganyu opentapenta mpaka zinakwana 1,400 USDT.

Tsiku lake linali Lachisanu usiku, magetsi atathima, ndili pakandulo. Ndinkafuna kutumiza 200 kwa munthu wa ku Lilongwe kuti awapatse mayi makwacha pa Airtel Money. Ikukana. Ndayesa kachiwiri, ikukana. Sindinkadziwa kuti USDT yoyenda pa blockchain ya Tron imafuna ukhale ndi ka TRX pang'ono, ndalama ya Tron yomweyo, kolipirira ulendo. Ndinafunsa pagulu lina la pa Telegram. Mphindi ziwiri zisanathe anthu atatu anali atandipeza ku inbox. Ndinasankha amene anali ndi chithunzi cha wallet yomweyo, waulemu wake ngati m'busa, akunditchula kuti bwana. Ananditumizira link, munali timabokosi 12 topanda kanthu. Abale anga, ndinatsegula Baibulo, ndinatulutsa kapepala, ndinalemba mawu aja limodzilimodzi, n'kubwerezanso kuona ngati sipelo ili bwino. Ndinasamala kwambiri kuti wakuba asavutike! Anati dikirani mphindi 10. Ndinakatereka madzi a tiyi. Pobwera ndapeza 0.00. Ndakokera sikirini pansi, 0.00. Ndinazimitsa foni n'kuyatsa, ndinagula data ina poganiza kuti ndi netiweki. Ndikamulembera uja, macheza onse afufutika. Madzi aja anawira mpaka kuphwa, ine ndili chikhalire pabedi, thukuta lili kamukamu chonsecho kunali kozizira.

Chopweteka kwambiri ndinachiona m'mawa pa Tronscan, tsamba loonetsa zonse zoyenda pa Tron. Wakubayo anayamba waika yekha ka TRX mu wallet yanga, komwe ine ndinkakasowa kaja, kenako n'kukokolola zonse ulendo umodzi. Zalembedwa bwinobwino, ola lake, mphindi yake. Blockchain ndi kaundula amene makompyuta ambirimbiri amasunga mofanana, ndipo chimene chalembedwamo sichifufutika. Ndiye kuba kwa ndalama zanga kudzakhala pamenepo ngakhale zidzukulu zanga zidzawerenga. Kupolisi anandifunsa dzina la wakuba, ine n'kuwaonetsa adiresi ya zilembo ndi manambala 34 yoyamba ndi T. Anangondiyang'ana. Pa Mpamba kapena Airtel Money ukalakwitsa nambala umaimba foni, umadandaula, nthawi zina zimabwerera. Uku ayi. Kumudzinso musayembekezere thandizo, Reserve Bank of Malawi inanena kale mu 2019 kuti ndalama zimenezi si zovomerezeka ngati kwacha.

Koma amene ndinamukwiyira zenizeni si wakuba uja, iye ndi ntchito yake. Ndi mbale wa kutchalitchi uja. Munthu ameneyu ankatilalikira Web3, intaneti yodalira blockchain, tikatuluka m'mapemphero, ati kukubwera intaneti yopanda bwana, zithunzi zathu sizidzakhalanso m'manja mwa Facebook, mafayilo azidzakhala pa IPFS ogawanagawana m'makompyuta a anthu, iwe mwini ndiwe banki. Maola ndi maola akuyankhula. Za mawu 12 anangoti usataye, basi. Sanandiuze kuti aliyense amene wawaona ndi mwini ndalama chimodzimodzi ine. Nditamuimbira ndikulira anandiyankha kuti unapusa wekha. Lamlungu lake anabwera kudzandipatsa moni wa mtendere, ndinayang'ana kumbali. Ndipo intaneti yake yopanda bwanayo, ndinadzadziwa pambuyo pake kuti kampani ya Tether, imene imapanga USDT, imatha kuiumitsa pa adiresi ikapemphedwa ndi achitetezo. Ndiye bwana alipo ndithu, kungoti nambala yake ife opentapenta tilibe.

Inuyo achimwene, ndalama ya fizi ya ana musaike kumeneko, gulani mbuzi kapena matumba a simenti, zinthu zoti mukhoza kuzigwira. Zisiyeni. Koma ngati mwalimba mtima, musasiyenso ndalama pa exchange, kampani yogulitsirapo crypto imene imakusungirani, anthu osunga pa exchange ya FTX analira itagwa mu November 2022 chifukwa makiyi a ndalama zawo anali ndi ena. Khalani ndi wallet yanuyanu, inde yomweyo imene inandiliza ine. Mawu 12 palibe wothandiza weniweni amene angakufunseni, wobwera yekha ku inbox mutsekereni pomwepo, ndipo yambani mwatumiza 5 kuti muone ngati yafika. Ineyo ndinatsegula ina, ndimaponyamo 50 pamwezi poti kwacha sindikuikhulupirirabe. Kapepala ka mawu atsopano ndinakakulunga mupulasitiki, komwe kali ngakhale mayi a ana sakudziwa, ndipo malata aja mpaka lero sanagulidwe.